Ma bit ophwatalala a Leatherman kapena adaputa ya 6.35 mm: ndigule chiti?

Mlongoti

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Leatherman Wave+, multitool (pulayazi yopinda yokhala ndi zida zingapo m'zigwiriro), ndipo bit, kansonga ka sikuludilayiva kochotseka, ilipo ndi imodzi yokha imene inabwera nayo, star mbali ina, flat mbali inayo. Ntchito zanga ndi zopepuka koma zosiyanasiyana: kukhoma ma router ndi makamera, kutsegula malaputopu ndi ma power supply, kuwongola mahinjesi a makabati, mwa apo ndi apo njinga yakapalasa ndi nati ya pa batire ya galimoto. Bokosi la zida limatsala kunyumba, ndikufuna zokwana m'kachikwama ka palamba.

Zimene ndaona ndi Bit Kit ya Leatherman, Bit Driver Extender, Ratchet Driver, kapena kungogula ka ratchet kapadera kokhala ndi ma bit ake. Ena akuti ndisinthe multitool yeniyeniyo ndigule Gerber Center-Drive. Zonsezi ndi zoyitanitsa kunja ndipo ndalama ilipo ya chinthu chimodzi. Ma bit ophwatalala aja amagwiradi screw ngati ma bit wamba? Nanga adaputa imapirira mphamvu yochuluka bwanji isanapotoke?

Tupa_ndi_Vayisi

A Mlongoti, tiyambe ndi thupi la bit, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Bit wamba, ya mu drill ndi ya m'mahadiweya, ili ndi tsinde la ngodya 6. Mukayeza kuchoka mbali ina kufika mbali yoyang'anana nayo mupeza 1/4 inchi, kapena kuti 6.35 mm, ndipo kuchoka ngodya kufika ngodya ndi pafupifupi 7.3 mm. Zazifupi za 25 mm zimatchedwa C6.3. Zazitali zokhala ndi kamzera kozungulira kumbuyo, zoyambira 50 mm, ndi E6.3. Bit ya Leatherman ndi tsinde lomwelo koma lopalidwa mbali ziwiri mpaka kutsala kachitsulo kophwatalala, kuti kalowe m'chigwiriro cha multitool popanda kudya malo a zida zina. N'chifukwa chake bit ya Leatherman imalowa mu holder wamba ya 6.35, imatsamira pa ngodya ziwiri, koma bit wamba singalowe mu Wave popanda adaputa.

Kupala kuja sikuthera pa tsinde, kumafika mpaka kunsonga. Nsonga zing'onozing'ono sizikhudzidwa: hex (nsonga ya ngodya 6) ya 1.5, 2 ndi 2.5 mm kapena Torx (yonga nyenyezi ya nsonga 6) T10 zimakhala zathunthu chifukwa ndi zochepa kale kuposa kachitsuloko. Vuto limayamba pa zazikulu. Hex ya 5 ndi 6 mm imakhala itadulidwa mbali ziwiri, choncho mphamvu yonse imapanikiza malo ochepa mkati mwa mutu wa bawuti. Pa bawuti yatsopano yolimba palibe chovuta. Pa yofewa kapena yodyekadyeka kale, mutu umabulungika msanga. Torx zazikulu, T27 ndi T30, n'chimodzimodzi. Star nayo ili ndi mapiko awiri athunthu ndi awiri afupiafupi, komanso imene imabwera ndi Wave inapangidwa kuti igwire PH1 ndi PH2 zonse (masaizi a star ya Phillips), ndiye siikhala gwa mwa iliyonse. Mukapanda kukankha mwamphamvu, imalumpha.

Bit Kit ili ndi ma bit 21 a mbali ziwiri, nsonga 42, m'timapulasitiki tiwiri tolowa m'kachikwama kuseri kwa multitool. Pa kupepuka ndi kusunga malo palibe yoiposa. Koma werengani nsonga zimene mudzagwiritsedi ntchito. Muli hex zambiri za mainchi ndi Robertson, ya bowo la ngodya zinayi, yofala ku Canada ndi ku America. Amene katundu wake ndi wa mamilimita, gawo lalikulu la seti limangoyenda naye ulendo.

Za mphamvu ya adaputa. Extender ndi Ratchet Driver zonse ndi zazitali pafupifupi masentimita 8, kumbuyo zili ndi lilime lophwatalala lolowa mu Wave, kutsogolo zimalandira bit wamba komanso yophwatalala. Pofooka ndi pa lilimepo ndi pa loko ya multitool, osati pa bit. Tiwerengere limodzi. Chigwiriro cha Wave ndi masentimita 10. Mukachipinda kuti chikhale ngati L n'kukanikiza kumapeto ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 10, mwatulutsa mphamvu yopotokola ya pafupifupi 10 Nm (newton-mita). Bawuti ya M4 (yonenepa 4 mm) ya giredi 8.8 imamangidwa pa 3 Nm kapena cha pomwepo, M5 pa 6 Nm, M6 pa 10 Nm, M8 pa 25 Nm. Ine malire ndingaike pa M5, ndi M6 yosachita dzimbiri. Kupitirira apo lilime limayamba kupotoka, malo oikapo bit amakhwepa, ndipo kukhwepa kumeneko sikubwereranso mwakale.

Pa zitatu za Leatherman ndingasankhe Extender, n'kugula ma bit wamba ogwirizana ndi ntchito yanu. Ilibe mano oti athyoke, ndipo imakutsegulirani ma bit a pa hadiweya iliyonse.

Wamagetsi47

Ndikugwirizana ndi a Tupa, koma pali chimodzi chimene anthu amachizindikira atagula kale: kuya kwa bowo.

Ma screw ambiri a zipangizo zamagetsi sakhala pamwamba. Power supply, fani, extension, chaja ya laputopu, breaker, onsewa screw imakhala pansi pa kabowo kopapatiza, nthawi zina masentimita awiri kapena atatu mkati. Bit yophwatalala ndi yaifupi komanso yotambalala mapewa, imafika pakamwa pa bowo n'kuima. Ndiye munthu amati Extender ithetsa. Ayi, mutu wa Extender uli ndi bowo la 6.35 mkati kuphatikizapo khoma la chitsulo mozungulira, kunenepa kwake kumafika cha m'ma 10 mm. Nawonso sulowa. Center-Drive imene akukuuzaniyo ili ndi vuto lomweli, chifukwa kumapeto kwa mkono wake kuli holder yonenepa chimodzimodzi. Cholowa m'bowo ndi bit yaitali ya E6.3, ya 50 kapena 75 mm, ya thupi lozungulira loonda kuchoka pa tsinde kufika kunsonga. Pogula yang'anani zimenezo, chifukwa zilipo zazitali koma za ngodya 6 thupi lonse, zomwe zimakanirira pabowo la 6 mm.

Kuipa kwake n'kwakuti mwalumikiza zinthu zitatu: multitool, adaputa, bit. Polumikizira paliponse pali kugwedera pang'ono, ndipo pofika kunsonga kugwederako kwawirikiza. Dzanja lina ligwire adaputa pafupi ndi mutu kuti nsonga ikhale chilili pa screw. Ikapendekeka ngakhale pang'ono, mapiko awiri okha ndi amene akugwira ntchito.

Chachiwiri, mahinjesi a makabati mwatchulawo. Ambiri a iwo pamodzi ndi ma chipboard screw ndi Pozidriv, osati Phillips, ngakhale zonse timangoti star. Yang'anitsitsani mutu: Pozidriv ili ndi timizere tinayi toonda pakati pa mikono ya mtanda. Mapiko a bit ya PZ ndi owongoka, a PH amanka nachepa kunsonga. Mukaika PH mu screw ya PZ imalowa bwinobwino, imaoneka ngati yagwira, kenako pomangitsa imatuluka yokha n'kudya m'mphepete. Mukaika PZ mu screw ya PH siifika pansi, imakhala pamwamba n'kuwononga zonse ziwiri. Screw ya 3.5 mpaka 5 mm imafuna PZ2, ya 3 mm PZ1. Ngati mungagule ma bit awiri okha padziko pano, akhale PH2 ndi PZ2.

Makamera a dome nthawi zambiri amatsekedwa ndi Torx ya kachitsulo pakati. Torx za mu Bit Kit zilibe kabowo kunsonga, choncho sizilowa. Gulani zolembedwa TR kapena H, monga T10H, T15H ndi T20H. Zimagwiranso Torx wamba, koma zazing'onozo ndi zofooka chifukwa cha bowolo, musazikakamize.

Ndipo chonde, multitool ndi chitsulo kuyambira kunsonga mpaka m'dzanja lanu. Pa soketi, pa breaker, pa chilichonse chofika 230 V, zimitsani kaye ndipo muyeze kuti moto wachokadi. Zogwirira pamoto zimalembedwa 1000 V motsatira IEC 60900, ndipo palibe adaputa imene ingasandutse Wave kukhala chimenecho. Ma power supply nawo amasunga moto m'ma capacitor ngakhale mutazula pulagi.

Makaniko_wa_Njinga

Pa Extender ndisiyana nanu pang'ono akuluakulu. Malo oikapo bit pa Wave sali pakati, ali chakumbali kwa chigwiriro. Mukamapotokola, multitool yonse imazungulira mozemba ngati gudumu lopindika, ndipo pa screw yaitali mumachita kusiya, kugwiranso, kusiya, kugwiranso. Nthawi iliyonse mukasiya, nsonga imasuntha m'mutu wa screw. Ratchet Driver imathetsa zimenezo: dzanja limakhala pamalo amodzi, mumangopita uku ndi uku, nsonga siichoka. Ili ndi malo atatu, kumanga, kumasula ndi kutseka kuti ikhale ngati Extender. Lamulo lake ndi limodzi. Screw yolimba imasulidwe koyamba ratchet itatsekedwa, pomaliza kumangitsa chimodzimodzi. Mano a ratchet yoonda chonchija ndi ang'onoang'ono, ndi othamangitsira screw, osati othyolera dzimbiri.

Koma chimene ndingakulangizeni kwenikweni ndi njira yanu yachinayi ija. Ka ratchet kapadera ka mutu wafulati, monga Topeak Ratchet Rocket kapena Wera Zyklop Mini, kamagwira bit mopingasa. Kutalika kwa mutu ndi bit ya 25 mm pamodzi sikufika masentimita atatu, choncho kamalowa pansi pa chishalo, kuseri kwa bulaketi ya kamera, mkati mwa kabati pafupi ndi khoma. Wave yokhala ndi adaputa ndi bit imapitirira masentimita 20, pamalo otere siikwana n'komwe. Chinanso chachikulu, pulayazi imatsala yomasuka. Bawuti yokhala ndi nati kuseri imafuna zida ziwiri, china chigwire nati, china chipotokole. Mukaphatikiza zonse pa multitool imodzi, natiyo muigwira ndi chiyani? Victorinox anaziona zimenezi, n'chifukwa chake SwissTool Plus ndi Spirit Plus zimabwera ndi kiyi ya L kapena ratchet yapadera m'kachikwama, yolandira ma bit wamba a 6.35.

Pa njinga mufunika hex 4, 5 ndi 6 mm, ndi T25 ngati mabuleki ndi a disc. Hex 5 ndi 6 ndi zomwezo a Tupa anena kuti zimadulidwa pa ma bit ophwatalala, ndiye gulani zathunthu. Ndipo samalani ndi za mainchi zimene zimaoneka ngati zakwana. 5/32 ndi 3.97 mm, imagwira 4 mm bwinobwino. 5/64 ndi 1.98 mm, imagwira 2 mm. Koma 3/16 ndi 4.76 mm, mu bawuti ya 5 mm imalowa mokhwepa n'kubulungiza mutu. 7/32 ndi 5.56 mm, mu 6 mm imachita zomwezo, 7/64 mu 3 mm zomwezonso. Bit ikalowa n'kumagwedera musanayambe n'komwe kupotokola, ichotseni.

Nati ya pa batire ya galimoto nthawi zambiri ndi 10 mm. Pamafunika ka adaputa kochoka pa 6.35 hex kupita ku 1/4 square, ndi soketi ya 10, mwinanso ya 8. Yambani kumasula waya wa negative, chifukwa chida chachitsulo chikakhudza positive ndi bodi nthawi imodzi negative ili chilumikizire, moto wake umasungunula chitsulo.

Pomaliza, poti magalimoto ambiri m'misewu yathu ndi ochokera ku Japan: star ya pa katundu wa ku Japan, makamaka wakale ndi njinga zamoto, kawirikawiri ndi JIS, muyeso wa ku Japan wosiyana pang'ono ndi Phillips. Ena amakhala ndi kadontho pambali pa mtanda, ena alibe. Bit ya Phillips wamba siikhala pansi bwino mmenemo, n'chifukwa chake ma screw a pa kabureta ndi a pa chivindikiro cha brake fluid mumawapeza atadyeka. Ma bit a Vessel amagwira JIS komanso Phillips. Ambiri a iwo kamzera kakumbuyo kali pa 13 mm m'malo mwa 9.5 mm. Mu holder ya maginito zilibe kanthu, zimangovuta mu chuck yodzitsekera yokha.

Kachitsulo

Za malaputopu palibe wayankha. Musatsegule laputopu ndi Wave. Imalemera pafupifupi magalamu 240, pamene ma screw a M2 ndi M2.5 amangofuna mphamvu ya zala ziwiri. Ndi chida cholemera chotere simumva pamene screw yafika, mumapitiriza, ka nati ka mkuwa ka m'pulasitiki kamazuka.

Ma bit a ntchito imeneyi ndi a tsinde la 4 mm: PH0, PH00, PH1, T5, ndi pentalobe P5 ya pansi pa MacBook. Adaputa yochoka pa 6.35 kupita ku 4 mm ilipo, koma ubwino wake ndi wakuti muthe kufikira nsonga zachilendo mwadzidzidzi basi. Chogwirira chake chenicheni ndi choonda ngati cholembera, cha kachipewa kozungulira kumbuyo, ndipo chimakwana m'kachikwama komweko.

Multitool imene inapangidwira ntchito yotere ndi Victorinox CyberTool. Ili ndi mkono wolandira ma bit a 4 mm, ndipo pakamwa pake pamagwiranso timanati ta 5 mm ta pambali pa VGA. Ma bit ake ali ndi kampira kachitsulo kowagwira. Ma bit a 4 mm a makampani ena amalowa koma alibe kampirako, ndiye mukaweramitsa amagwa.

Center-Drive ndi yabwino pa chinthu chimodzi chimene Wave imalephera: mkono wake wa masentimita 8 umakhala pakati penipeni, bit wamba imalowa mwachindunji n'kugwidwa ndi maginito. SOG PowerAccess imachita zofanana mwa njira ina, bit imalowa pakati pa zigwiriro mukaitseka. Koma kugula multitool yatsopano chifukwa cha bit pamene muli kale ndi Wave+, sindikuonapo phindu.

Mlongoti

Zikomo nonse, ndaphunzirapo zambiri. Zikuoneka kuti Bit Kit ndiisiye. Funso lina: pa intaneti pali ma bit ophwatalala ndi ma adaputa otchipa opanda dzina, akuti amakwana Leatherman. Ndi oyenera? Komanso ma bit wamba a pa hadiweya ndiwazindikira bwanji kuti ndi olimba?

Tupa_ndi_Vayisi

Opanda dzinawo vuto lawo lalikulu si chitsulo koma muyeso. Mu Wave bit imagwidwa ndi kasipuling'i kamene kamagwera m'kamphako ka pambali pa bit. Kamphakoko kakasuntha pang'ono, bit imagwa yokha kapena imakanirira mpaka kuizula ndi pulayazi ina. Lilime likaonda, limagwedera n'kumakulitsa malo oikapo bit. Likanenepa, anthu amalikhomera ndipo kasipuling'i kamatha mphamvu, kenako ngakhale bit yeniyeni siigwiranso. Ikafika yothina musaikhomere. Ipaleni ndi tupa yosalala mbali zonse ziwiri mofanana, pang'onopang'ono, mukuyesa, mpaka ilowe ndi chala. Yokhwepa ilibe mankhwala. Adaputa zina zotchipa ndi zidutswa ziwiri, lilime ndi mutu, zongopanikizidwa pamodzi. Gwirani lilime mu vayisi, ikani bit ya hex 6 m'mutu n'kupotokola ndi sipanala pang'ono. Ngati mutu ukuzungulira paokha, mwadziwiratu musanapite nayo kuntchito.

Ma bit wamba yang'anani chilembo cha chitsulo. S2 ndi yolimba, cha m'ma 58 mpaka 60 HRC pa muyeso wa kulimba kwa chitsulo, nsonga imakhalitsa. Cr-V nthawi zambiri imakhala yofewerapo, imatha msanga koma siithyoka mwadzidzidzi. Chilembo chokha si umboni, chimadindidwa ndi aliyense. Yesani ndi tupa pangodya ya tsinde: pa bit yolimba tupa imatereka n'kungosiya kamzera, pa yofewa imaluma n'kutulutsa utuchi. Kenako yesani ndi screw yatsopano ya saizi yake. Ikani screw pansonga, muigoneke chopingasa. PH2 kapena PZ2 yodulidwa bwino imaigwira screw osagwa ngakhale popanda maginito. Za impact, zokhala ndi chiuno choonda pakati, musalipire ndalama yowonjezera. Chiunocho ntchito yake ndi kumwa kugunda kwa makina, m'manja chilibe phindu.

Seti yanu ingakhale yotere. Za 25 mm: PH1, PH2, PZ1, PZ2, flat ya 4 ndi ya 5.5, hex 2.5, 3, 4, 5 ndi 6, T10H, T15H, T20H ndi T25. Zazitali zoonda: PH1 ndi PH2 za 75 mm. Kenako adaputa ya 1/4 square ndi masoketi a 8 ndi 10. PH2 gulani ziwiri, ndi imene imayamba kutha. Mukaona mapiko ake akunyezimira m'mphepete kapena apotoka ngati fani, itayeni isanadye screw ya kasitomala.

Pa chopotokolera ndavomereza mfundo ya a Makaniko yoti pulayazi itsale yomasuka, ndi yoona ndipo pa mabulaketi a makamera mudzaifuna kawirikawiri. Ngati ndalama ikukwana chimodzi, tengani ka ratchet kapadera kokhala ndi extension yake, Wave ikhale ndi bit yake ija ya ntchito zadzidzidzi. Extender idzabwere pambuyo. Onetsetsani kuti ndi ya ma bit a 6.35, chifukwa palinso a 8 mm, kapena kuti 5/16, a impact driver yomenya ndi hamala, amene salowa mu chilichonse mwa izi.

Zosamalira ndi ziwiri. Maginito a mu holder amakoka utuchi wa chitsulo n'kuunjika pansi pa bowo, bit imaleka kufika pansi, imagwira ndi theka la tsinde n'kukulitsa pakamwa pa holder. Chotsani utuchiwo ndi kachidutswa ka selotepi kokulungidwa pa kamtengo ka machesi, kupemerera sikuthandiza. Chinacho ndi dzimbiri. Ma bit si stainless, ndipo m'kachikwama ka palamba amakumana ndi thukuta, makamaka nyengo ya mvula. Apukuteni ndi kansanza ka oyilo wa makina osokera, koma nsonga muiumitse musanaiike pa screw, chifukwa star ya oyilo imalumpha kuposa youma.